Mmene Makina a ku Tauni Anaululira Botolo Langa

Anzanga a ku sukulu ya kwacha, aphunzitsi anati aliyense alembe chimene chinamuchititsapo manyazi, ndiye ena mwalemba za kugwa pa njinga, ena za chitenje chomasuka pa msika. Amenewo ndi manyazi a tsiku limodzi. Anga anayezedwa pa makina, anasindikizidwa pa pepala, anawerengedwa pagulu, ndipo amene anakakamiza kuti awerengedwe ndine ndemwe. Ndiye mundilole ndifotokoze ndekha, anthu asanathiremo mchere wawo.

Ng'ombe yanga dzina lake ndi Dona, chifukwa iyo imadya ili phee pamthunzi, ine ndikuithamangira ngati wantchito. Ndinailandira ku gulu lathu la mkaka, lija lopatsirana ng'ombe. M'mawa uliwonse ndimakama, kumangirira chigubu pa njinga, kupita ku thanki kumene alimi tonse timathira mkaka pamodzi kuti galimoto ya ku fakitale idzatenge. Ndikabwerako ndi kumweta nsenjere, kutunga madzi, kupala ndowe, kuthirira tomato ku dimba, masana ndiye kuno kudzalimbana ndi zilembo. Munthu wa moyo wotere alibe nthawi yomvera nkhani mpaka kumapeto, ndipo matenda anga agona pomwepo.

Nthawi ya dzinja bere la Dona linatupa. Alangizi a ziweto anabwera, anaibaya jakisoni, n'kundiuza kuti mkaka ndizitaya mpaka masiku amene anandiwerengera atakwana, chifukwa mankhwalawo amatsikira mu mkaka. Ndinataya. Ndinkathira mkaka woyera mbee m'dzenje kuseri kwa khola, mtima ukuwawa, mpaka ndinaonjezerapo masiku awiri anga kuti pasakhale chonena. Koma nditangoyambiranso kuperekera, galimoto ija inakana thanki yonse, ati muli mankhwala. Patapita masiku inakananso kachiwiri. Mkaka wa mudzi wonse kutayidwa!

Lamulo la gulu lathu silizungulira. Wopezeka akuwononga thanki amachotsedwa, ng'ombe n'kupatsidwa wina amene ali pa mzere. Nanga ndani amene ng'ombe yake inadwala aliyense akuona? Maso onse pa ine. Mai Makwinja, mnzanga wa ku tchalitchi amene timavala naye yunifolomu imodzi Lachinayi, anayamba kuuza anthu pa mjigo kuti ine ndimagula mankhwala pa msika n'kumabaya Dona mobisa kuti bere lisatupenso. Ndikafika ku thanki anthu ankasiya nkhani pakati. Ena anayamba kale kufunsana kuti Dona adzapita kwa yani.

Wapampando wathu ndi Che Bwanali, munthu wofatsa amene amayankhula ngati akuwerenga mazira. Iwo anati salanda munthu ng'ombe chifukwa cha nkhani za pa mjigo. Anaitana a Tamanda, mwana wa kwathu konkuno cha ku Mbombwe, amene amagwira ntchito ku yunivesite ina m'tauni ndipo nthawi imeneyo ankafufuza za mkaka wa m'boma lino. Anabwera ndi bokosi la ayisi ndi timabotolo, tonse tinakhala pakhonde la ku thanki kuwamvera.

Anati kuntchito kwawo kuli makina otchedwa masi sipekitiromita. Dzinali ndinalilemba m'kope langa, linadya mzere wonse. Anati makinawo sanunkhiza, salawa, samvera za pa mjigo, ntchito yawo ndi kuyeza kulemera basi. Chinthu chilichonse, kaya shuga, kaya mafuta, kaya mankhwala, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu, timene ngakhale galasi loonera malungo ku chipatala cha Mauwa silingatione, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kulemera kwakekwake. Makina amatenga kadontho kamodzi, amakawaza ngati nkhungu, amatipatsa tinthuto mphamvu ya magetsi kuti tiuluke, ndiye topepuka timapita kwake, tolemera kwake, monga mmene timapetera, gaga uko mphale uku. Akatero amatiphwanya n'kuyezanso zidutswa, chifukwa zinthu ziwiri zikhoza kulemera mofanana koma sizisweka mofanana. Mphika ndi mtsuko, anatero, mukaziswa, wodziwa dothi akangoona mapale anena kuti uwu unali mtsuko. Pomaliza kompyuta imafananiza kulemera ndi zidutswazo ndi m'ndandanda wake, n'kutchula chinthucho dzina.

Che Bwanali anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti sikelo imeneyi si ya mavenda a nandolo."

Anthu anaseka, ine mtima unangoti myaa. Makina osanama! Nditamva zimenezo ndinati basi, nkhani yatha, zotsalazo ndi zokometsera. A Tamanda anali atangoyamba kufotokoza kagwiridwe ka botolo pamene ine ndinatambasula dzanja, kulandira kabotolo kanga ndi kapepala ka malangizo, n'kukwera njinga. Nsenjere sizidzimweta zokha. Kapepalako ndinati ndikawerenga kunyumba, si ndine wa ku kwacha ine?

Kutacha, dzuwa litangotuluka, ndinatenga kabotolo kaja. Kanali kagalasi kofiirira, kokutidwa ndi pepala lonyezimira, pamimba pake atamatapo nambala 14. Ndinatsegula kapepala n'kuwerenga mzere woyamba mokweza kuti Dona amve kuti mbuye wake ndi wophunzira: "Kamirani mkaka m'botolo ili." Ndinati zomwezi? Ndinakapinda n'kukalowetsa pamfundo ya chitenje.

Tsopano ndiuzeni anzanga, ndi mayi uti wolongosoka amene angakamire mkaka m'chiwiya chosatsuka? Mayi anga anandiphunzitsa kuti chiwiya cha mkaka, ngakhale chichokere m'sitolo, chimayamba chaona madzi ndi sopo. Ili ndi botolo loti layenda pa minibasi, lagwidwa ndi manja a anthu a m'tauni. Ndinati makina aja asakandipeze ndi uve. Ndinalithira sopo wa ufa, kulikhutchumula mpaka thovu kusefukira, kulitsukuluza, n'kuliika pa mtengo wa khola kuti liume ndi dzuwa pamene ndikusambitsa bere.

Dona ali ndi mchira umene suthamangitsa ntchentche yokha. Ndinangomva phwa! pa simenti. Kutembenuka, kabotolo ka ku yunivesite kali zidutswa, ndipo panalibe makina oti ayeze zidutswa zimenezo.

Munthu wanzeru akanakwera njinga n'kukapempha lina. Koma taganizani mmene zikanamvekera. Mayi woganiziridwa uja, tsiku loyeza, botolo lake lokha ndi limene lasweka. Mai Makwinja akanafuna chiyaninso? Pofika masana mjigo wonse ukanadziwa kuti ndaliswa dala chifukwa cha mantha. Ndinati ayi, botolo ndi botolo, chachikulu ndi mkaka.

Ndipo botolo lofiirira la msinkhu womwewo ndinkadziwa pamene lili. Linali m'khola momwemo, pamwamba, pakati pa phaso ndi lata. Kale linali la mankhwala a chifuwa, pamene bambo a Dalitso, amuna anga, ankatsokomola. Mankhwala atatha linapeza ntchito ina imene sindinauzepo munthu aliyense. Kwathu kuno botolo silifa, limangosintha ntchito. Zimene zinalimo ndinazikhuthulira m'kapepala n'kubwezera pa phaso, ndiye ndinayamba kutsuka. Sopo. Phulusa ndi timiyala. Ndimu. Sopo kachiwiri. Ndinalinunkhiza, osamva kanthu, ndinakhutira, osaganiza kuti mphuno yangayi pa mlandu umenewu sinali mboni yodalirika. Chotsekera chake, chija chokhala ndi kachikopa m'kati, ndinangochiviika m'madzi kamodzi chifukwa nthawi inali itatha.

Ndinakamiramo mkaka, kutseka, kumatula nambala 14 pa chidutswa cha botolo losweka lija, kuimata ndi utomoni, kukuta ndi pepala lonyezimira. Ndinaliyang'ana n'kudziyamikira ndekha kuti ntchito ngati imeneyi ngakhale ku yunivesite sangaigwire.

Ku thanki aliyense ankaponya botolo lake m'bokosi la ayisi. Langa ndinalilowetsa pansi penipeni. A Tamanda anali pakhomo, akutapa mkaka pang'ono m'chigubu cha munthu aliyense ndi kachipangizo kawo, kuthira m'mabotolo ena. Sindinafunse chifukwa chake. Ndinangowauza kuti achite changu, tomato akundidikira.

Zotsatira zinatenga masabata awiri, ndipo m'masabata amenewo ndinayenda ngati mfumukazi. Aliyense wondiyang'ana cham'mbali ndinkamuuza kuti adikire makina. Lachinayi ku gulu la amayi inali nthawi yanga yophunzitsa, ndipo mukudziwa kuti ine ndimadziwika ndi kudzudzula. Kachasu ndamunena, fodya ndamunena, anyamata osuta pa siteji ya njinga amabisa ndudu akandiona. Tsiku limenelo ndinaphunzitsa za zinthu zobisika, kuti tsiku limafika loti zonse zimayalidwa pabwalo, ndipo polankhula maso anga sanachoke pa Mai Makwinja. Mayi busa, amenenso ali m'gulu lathu la mkaka, anandigwira dzanja pomaliza nati uthenga unali wamphamvu. Unalidi wamphamvu. Sindinadziwe kuti ndikudzilalikira ndekha.

Tsiku la zotsatira khonde linadzaza, ngakhale osaweta ng'ombe anabwera. A Tamanda anati aliyense alandira envulopu yake, akawerenge kwawo, amene ali ndi funso awapeze payekha, ndipo wapampando yekha ndi amene auzidwe zoyenera kuti gulu lichite. Kwawo? Ine amene ndanyozedwa pagulu ndikayeretsedwe m'chipinda? Ndinaimirira n'kunena kuti yanga iwerengedwe pompano, mokweza.

A Tamanda anasendera pafupi nanong'ona, "Amayi, tiyeni tikambirane kaye patokha, kuseriku."

Ndinakana. Ananong'onanso kachiwiri, ndinakananso, ndipo ndinakweza mawu kuti akumbuyo amve kuti ine ndilibe chobisa. Mai Makwinja anati, "Awerengereni, si akufuna okha?" Mwana wa eni anapuma mozama n'kutsegula envulopu.

Anakweza pepala lokhala ndi mizere yoimirira, ina yaitali ina yaifupi, ngati mpanda wa nsungwi wosadulidwa bwino. Anati mzere uliwonse ndi chinthu chimene makina anapeza, malo amene waima ndi kulemera kwake. Analoza malo ena cha kumanja nati mankhwala a jakisoni aja akanakhalamo, mzere wake ukanaima apa. Tonse tinasuzumira. Panali pambalambanda, ngati bwalo losesa. Anati mu mkaka wa Dona mulibe mankhwalawo, wa m'botolo ndi wa m'chigubu womwe.

Anzanga, nthungululu imene ndinaimba tsiku limenelo inamveka mpaka ku Mikolongwe. Ndinavina pakhonde paja, kuzungulira Che Bwanali, kukupiza chitenje pamaso pa Mai Makwinja. Ndipo pamenepo m'pamene munthu wolongosoka akanatenga pepala lake, kuthokoza, n'kukhala pansi. A Tamanda anali atayamba kale kulipinda.

Koma ine ndinati, "Nanga mizere inayi ndi ya chiyani? Werengani zonse, anthu amve mkaka wa Dona mmene ulili wa mavitamini."

Anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati kodi sukulu imene anapita inawaphunzitsa kufunsa kawiri chilichonse?

Anatambasulanso pepala. Analoza mizere yambiri yotalikirana mofanana ngati mano a chipeso, nati uyu ndi sopo, ndipo ndi wambiri, makina awo anachita kuwatsuka tsiku lonse atayeza botolo limeneli. Amayi anaseka koma kuseka kwa ulemu, chifukwa ukhondo si mlandu. Ine ndinati eya, kwanga sitidyera pa uve. Analoza mzere wina waufupi nati awa ndi mankhwala a chifuwa, a anthu osati a ng'ombe. Pamenepo ndinakumbukira chotsekera chija. Ndinayang'ana pepala ndipo ndinaona kuti watsala mzere umodzi cha kumanzere, wautali kuposa yonse, waima wokha ngati mtengo wa bulugama pa chulu.

Ndinafuna kunena kuti basi zakwana, koma Mai Makwinja anali atafunsa kale kuti nanga wautaliwo.

A Tamanda anayankhula motsitsa, koma khonde linali zii. Anati chinthuchi chimalemera 162 pa sikelo ya makinawo, anachiphwanya, zidutswa zake zinagwirizana ndi za m'ndandanda, anabwereza kawiri kuti asalakwire munthu. Dzina lake ndi nikotini. Chimapezeka mu fodya.

Kenako Che Bwanali, mofatsa muja, anandiyang'ana nati, "Amake Dalitso, kodi Dona anayamba liti kusuta?"

Khonde linagwa. Anthu anagwirana mapewa, wina anagudubuza chigubu, agogo ena anachita kuwamenya pamsana kuti apume. A Tamanda anayesa kundithandiza, koma thandizo lawo ndi limene linandimaliza. Anati ng'ombe ilibe mlandu, chifukwa mkaka umene anatapa okha m'chigubu m'mawa womwewo unalibe sopo, unalibe za chifuwa, unalibe fodya. Zonsezi zinachokera m'botolo, makamaka m'chotsekera, ndipo botololo silinali lawo. Anati analizindikira atangolivundukula, nambala itamatidwa ndi utomoni, koma analiyezabe poopa kuti ndingadzati anataya mkaka wanga.

Ndikanatani? Kunamizira amuna anga? Mudzi wonse ukudziwa kuti bambo a Dalitso ngakhale utsi wa zinyalala umawatsokomoletsa. Ndinakonza mpango kumutu, ndinaima mowongoka, n'kunena kuti botololo ndi langa, fodya wa m'mphuno ndi wanga, ndakhala ndikufwenkha kuseri kwa khola kuyambira chaka chimene dzino linandivuta apongozi n'kundipatsa kuti ndiiwale ululu. Dzino linazulidwa kalekale, fodya anatsala. Ndinayang'ana Mayi busa. Anali ataweramitsa mutu, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amanena kuti ankandipempherera.

Koma tamvani pamene pali nkhani. Kuseka kutatha, Che Bwanali anaimirira nati gulu linasonkhana kudzafufuza mankhwala mu mkaka, osati za m'mphuno mwa anthu. Mayi uyu anataya mkaka monga anauzidwira, ananamiziridwa, ndipo Dona sachoka pakhomo pake. Anauza onse amene anayendetsa nkhani ija kuti adziwa okha chochita. Anthu anaomba m'manja, ndipo ine, wa fodya yemwe uja, ndinavinanso kachiwiri. Manyazi ndi manyazi, koma ng'ombe ndi ng'ombe.

Mai Makwinja envulopu yawo sanaitsegule pagulu. Anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'bulauzi, ndipo sabata yotsatira sanaoneke ku thanki. Zinadzamveka kuti amuna awo ankaibaya okha ng'ombe yawo ikangofooka, ndi mankhwala ogula pa msika, mayiwo osadziwa. Nkhani itafika ku gulu, amene anaimirira kuwapepesera kuti asalandidwe ng'ombe ndine. Ndinati munthu sadziwa zonse zochitika m'khola mwake, ndipo pa zobisika za m'khola ine ndiye ndisatole mwala. Gulu linawachenjeza, amuna awo anapepesa pagulu, ndipo kuchokera pamenepo galimoto sinakanenso thanki yathu. Mayiwo anabwera kwathu ndi nkhuku. Potsanzika anayang'ana pa phaso la khola n'kufunsa motsitsa ngati watsalako pang'ono, ati mutu ukuwawawa.

Kunyumba ndinkaopa bambo a Dalitso. Ndinawakhazika pansi kuti ndiwaululire asanamve kwa anthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene ine sindinachitepo kwa iwo, kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi mumaganiza kuti ndimati woyetsemula kuseri kwa khola m'mawa uliwonse ndi ng'ombe?"

Pochapa chitenje chija ndi pamene ndinapeza kapepala ka malangizo, kakadali pamfundo. Ndinakhala pa mwala wochapira n'kukawerenga konse, pang'onopang'ono, chala pa chilembo chilichonse monga amatiphunzitsira aphunzitsi. Mzere wachiwiri unati, "Musalitsuke, tinalitsuka kale ndi kuliwotcha pa moto wamphamvu." Wachitatu unati, "Musakhudze m'kati." Ndinatembenuza kuseri. Kunali mzere umodzi wokha, wa zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wa sabata yoyamba ku kwacha awerenga: "LIKASWEKA MUSADANDAULE, BWERANI MUDZATENGE LINA. TILI NAWO AMBIRI."

A Tamanda anadzanditenga tsiku lina kukaona makina aja. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu ngati chigayo, koma ndi bokosi lotuwa ngati firiji yogoneka, longolira ng'ii pakona, lopanda ngakhale maso. Ndinaima patsogolo pake n'kuliuza kuti zikomo chifukwa cha Dona, koma pakamwa liphunzire kusunga. Ndisanalowe m'chipindamo ndinasamba m'manja katatu, ndipo ndinaima patali, mpweya ndikutulutsira kumbali.

Ndiye anzanga, pepala lililonse limene ndalandira tsopano ndimawerenga mpaka pansi, kutembenuza, kuwerenganso kuseri, ngakhale nsenjere zikhale zikundiitana. Munthu wophunzira akandinong'oneza kuti tikambirane kuseri, ndimanyamuka iye asanamalize. Mawu akuti "werengani zonse" sadzatulukanso pakamwa panga mpaka m'manda. Za fodyazo ndikulimbana nazo, Lachinayi ndinasiya kuphunzitsa mutu umenewo, ndipo mmene zikuyendera akudziwa ndi Dona yekha, amene mchira wake ndi woipa koma pakamwa ndi pabwino kuposa makina a ku yunivesite.